Malibertarian: ndani, ndipo amaziwerenga bwanji nkhani za dziko?

Malibertarian ndi anthu amene amakhulupirira kuti munthu aliyense ndi mwini wa thupi lake, moyo wake ndi katundu amene wapeza mwachilungamo, choncho boma liyenera kulowerera pang'ono zedi pa zochita za nzika. Ambiri mwa iwo amalola kuti pakhale boma laling'ono losamala za asilikali, apolisi ndi makhothi. Ena ochepa safuna kuti boma likhalepo n'komwe. Pa chiwerengero ndi ochepa, ndipo pa zisankho sapita patali. Koma m'nyuzipepala, pa kanema ndi m'makhothi a ku America ndi ku Britain mawu awo amamveka kuposa kuchuluka kwawo, chifukwa ntchito imene adaizolowera kwa zaka zoposa 70 ndi yothirira ndemanga pa zochitika za tsiku ndi tsiku: bajeti, nkhondo, misonkho, khalidwe la apolisi, mtengo wa buledi.

Chimene chimasiyanitsa ndemanga zawo ndi za ena n'chakuti nkhani iliyonse amaiyeza ndi muyeso umodzi. Amafunsa ngati pali wina amene akukakamizidwa, ndipo ngati alipo, amafuna kudziwa amene akumukakamizayo. Muyeso umenewu umawayanjanitsa ndi chipani china m'mawa n'kuwadanitsa nacho madzulo a tsiku lomwelo. Ku America amagwirizana ndi a Republican pofuna kutsitsa misonkho, koma amayambana nawo pa nkhani za nkhondo ndi chamba. Amagwirizana ndi a Democratic podzudzula nkhanza za apolisi, koma amasiyana nawo pa malamulo oyendetsera bizinesi ndi pa ufulu wokhala ndi mfuti.

Kumene dzinali lidachokera

Mawuwa sadayambire kwa okonda malonda. Amene adawalowetsa m'ndale ndi Joseph Déjacque wa ku France, munthu wodana ndi boma komanso ndi umwini wa chuma, amene mu 1858 adayamba kusindikiza nyuzipepala yotchedwa Le Libertaire ku New York. Mpaka lero ku France ndi ku Spain dzinali limakumbutsa anthu za magulu a apantchito okana ulamuliro uliwonse. Tanthauzo lake lidatembenukira ku America cha m'ma 1950. Kale okhulupirira msika womasuka ankatchedwa maliberal, potsatira John Locke, Adam Smith ndi John Stuart Mill, koma kuyambira nthawi ya pulezidenti Franklin Roosevelt m'ma 1930 dzina limenelo lidapita kwa ofuna boma lamphamvu lothandiza osauka. Otsalawo adafuna dzina lina, ndipo adatola ili.

Muyeso wake

Mfundo yaikulu ndi yakuti palibe amene ali ndi ufulu woyamba kugwiritsa ntchito mphamvu pa mnzake kapena pa katundu wake; chololedwa ndi kudziteteza kokha. Anthu ambiri angavomere zimenezi popanda vuto. Pamene malibertarian amapatukira ndi pakuti lamuloli amaliika ndi pa boma pomwe. Ngati n'kulakwa kuti munthu alande ndalama za mnzake n'cholinga chomangira sukulu, iwo amati, nkhani siisintha chifukwa chakuti wolandayo wavala yunifomu kapena wasankhidwa ndi anthu ambiri. Mphunzitsi wa ku Harvard, Robert Nozick, m'buku lake la 1974 lotchedwa Anarchy, State, and Utopia, adafika pofanizira msonkho wa pa malipiro ndi thangata.

Komabe ndemanga zambiri za tsiku ndi tsiku sizidalira nzeru zakuya chotero. Zimatsamira pa mfundo ziwiri za chuma zimene aliyense angathe kuzigwira.

Yoyamba ndi ya Frédéric Bastiat, phungu ndi mlembi wa ku France amene adamwalira mu 1850. Iye adapereka fanizo la mwana amene waswa galasi la zenera la sitolo. Odutsa amatonthoza mwini sitolo kuti ngoziyo yapatsa ntchito wokonza mazenera, ndipo ndalama ziyenda. Bastiat adati zimenezo ndi zooneka chabe. Chosaoneka ndi nsapato zimene mwini sitolo akadagula ndi ndalama zomwezo, komanso wosoka nsapato amene wataya kasitomala osadziwa. Wolemba wa libertarian akamva nduna ikulengeza kuti chitukuko cha boma chalemba anthu masauzande, amayamba wafunsa za ntchito zimene sizidabadwe chifukwa ndalamazo zidachotsedwa m'matumba a okhoma msonkho. Bastiat yemweyo adalembanso kalata yanthabwala, ngati yochokera kwa opanga makandulo, yopempha nyumba ya malamulo kuti ilamule anthu kutseka mazenera masana poti dzuwa likuwalanda msika. Kalatayi amaivundukula nthawi iliyonse boma lina likakweza msonkho wa katundu wakunja pofuna kuteteza makampani a m'dziko.

Yachiwiri ndi ya Friedrich Hayek wa ku Austria, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1974. M'nkhani yake ya 1945 adafotokoza kuti zimene zimafunika kudziwika kuti chuma chiyende sizikhala m'mutu umodzi kapena mu ofesi imodzi. Zidamwazikana mwa alimi, oyendetsa malole, ogulitsa ndi ogula, aliyense akudziwa kachigawo kake. Mtengo wa chinthu ndiwo mthenga wonyamula zonsezo. Ukakwera umauza wogula kuti asamale, n'kuuza wopanga kuti awonjezere, popanda wina kulemba kalata. Boma likaumanga mtengowo ndi lamulo limakhala lamutseka pakamwa mthengayo, ndipo chotsatira n'chodziwika: katundu amasowa m'mashelefu, mizere imatalika, msika wamseri umakula. Apa ndi pamene malibertarian amalosera molondola kawirikawiri, moti ngakhale akatswiri a zachuma amene sagwirizana nawo pa zina amavomereza zambiri za mfundoyi.

Kumene ndemangazi zimafulidwira

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, maganizo otere adali atazilala. Britain inkatenga migodi ya malasha ndi njanji kuti zikhale za boma, ndipo ophunzira ambiri ankaona kuti tsogolo ndi la chuma choyendetsedwa ndi mapulani a boma. Mu Epulo 1947 Hayek adasonkhanitsa anthu 39 pa phiri la Mont Pèlerin ku Switzerland, kuphatikizapo Ludwig von Mises amene adamusula, ndi Milton Friedman amene adali akadali wachinyamata. Apo padabadwa bungwe la Mont Pelerin Society, limene likukumanabe mpaka lero.

Nkhani ya Antony Fisher imaonetsa njira imene adasankha. Fisher, amene adayendetsapo ndege zankhondo za Britain, atawerenga chidule cha buku la Hayek lotchedwa The Road to Serfdom, adapita kukamuona n'kumuuza kuti akufuna kulowa ndale. Hayek adamuletsa. Adamulangiza kuti afikire aphunzitsi, atolankhani ndi olemba, chifukwa andale amangokolola zimene anthu oterowo adafesa kale. Fisher adalemera ndi ulimi wa nkhuku, ndipo mu 1955 adakhazikitsa Institute of Economic Affairs ku London, bungwe limene timabuku take tidalambula njira ya Margaret Thatcher. Mu 1981 adayambitsa bungwe limene lero limatchedwa Atlas Network, lothandiza mabungwe otere mazanamazana m'maiko ambiri, a mu Africa omwe.

Ku America, Foundation for Economic Education idayamba mu 1946, magazini ya Reason mu 1968, ndipo Cato Institute mu 1977 ndi ndalama za mpondamatiki Charles Koch. Koma amene adafikitsa ndemangazi m'nyumba za anthu wamba ndi Friedman. Kuyambira 1966 mpaka 1984 ankalemba m'magazini ya Newsweek, ndipo mu 1980 adaonekera pa kanema mu pulogalamu ya zigawo 10 yotchedwa Free to Choose, akufotokoza zovuta ndi zitsanzo zazing'ono ngati pensulo.

Chipani cha Libertarian nacho chidabadwa chifukwa cha nkhani ya tsiku limodzi. Pa 15 Ogasiti 1971 pulezidenti Richard Nixon, wa Republican, adalamula kuti mitengo ndi malipiro zisakwere kwa masiku 90, ndipo adadula ubale wa dola ndi golide. Kagulu ka achinyamata ku Colorado, motsogozedwa ndi David Nolan, kadaona kuti ngati chipani chodzitcha cha amalonda chingachite zimenezo, ndiye kuti iwo alibe kwawo. Mu Disembala chaka chomwecho adakhazikitsa chipani chawo. Sichidapambanepo pa chisankho mpando wa pulezidenti kapena wa ku Congress. Pamene chidachita bwino koposa ndi mu 2016, Gary Johnson atapeza mavoti pafupifupi 4.5 miliyoni, omwe ndi 3 peresenti yokha ndi kanyenyeswa.

Nkhani zimene adazigwira

Chipambano chawo choyamba chachikulu sichidali cha ndalama. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, America inkalemba anyamata usilikali mowakakamiza. Friedman ndi anzake ankati umenewo ndi msonkho wobisika, wokhomedwa ndi thupi, umene umagwera kwambiri ana a osauka pamene ana a olemera akubisala m'mayunivesite. Friedman adakhala m'komiti imene Nixon adakhazikitsa mu 1969 kuti iunike nkhaniyi, ndipo mu 1973 kulemba mokakamizako kudatha. Iye mwini ankaiwerengera ntchitoyi pakati pa zimene ankanyadira koposa.

Pa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo adayenda okha kwa zaka zambiri. Ankati kuletsa sikuthetsa chilakolako, koma kumapereka msika kwa zigawenga monga zidachitikira pamene America idaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, ndipo kumadzaza ndende ndi anthu amene sadapweteke wina aliyense. Maganizo amene ankaoneka amisala m'ma 1970 adasanduka lamulo mu 2012, pamene zigawo za Colorado ndi Washington zidalola akuluakulu kusuta chamba. Otsutsa amaloza imfa zochuluka zobwera ndi mankhwala amphamvu monga fentanyl, komanso chigawo cha Oregon chimene chidafewetsa malamulo ake mu 2020 n'kubwerera m'mbuyo mu 2024.

Mlandu wa Kelo ndiwo umaonetsa bwino mmene muyeso wawo umagwirira ntchito. Susette Kelo, namwino wa mumzinda wa New London m'chigawo cha Connecticut, adali ndi kanyumba ka utoto wa pinki m'mbali mwa mtsinje. Khonsolo ya mzindawo idaganiza zotenga dera lonselo, kulipira eni ake, n'kulipereka kwa omanga hotela ndi maofesi pafupi ndi malo atsopano a kampani ya mankhwala ya Pfizer, poti misonkho ya mzinda ikwera ndipo ntchito zipezeka. Malamulo a America amalola boma kutenga malo a munthu ngati likufuna kuikapo chinthu cha anthu onse, monga msewu. Funso lidali lakuti kodi kutenga kwa munthu wamba n'kupereka kwa wabizinesi kungawerengedwe m'gulu limenelo. Maloya a Institute for Justice, bungwe la malibertarian lokhazikitsidwa mu 1991, adaimira mayiyu mpaka ku khothi lalikulu la dzikolo, ndipo mu Juni 2005 adagonja, majaji 5 atakomera khonsolo, 4 atakana.

Atagonja m'khothi, adakapambana kunja. Chigamulocho chidakwiyitsa anthu a zipani zonse ziwiri, ndemanga zidasefukira, ndipo zigawo zoposa 40 zidasintha malamulo ake kuti kulanda kotere kuzivuta. Mu 2009 Pfizer idalengeza kuti ikuchoka ku New London, ndipo malo amene adagwetsapo nyumba za anthu adakhala thengo kwa zaka zambiri. Pa mlanduwu malibertarian adaima ndi namwino polimbana ndi khonsolo ndi anthu a ndalama. Iwo amaumirira kuti kukonda msika si kukonda amalonda, ndipo mdani amene amamutchula pafupipafupi ndi bizinesi yodyera m'mbale imodzi ndi boma.

Mzimu womwewo udaonekera mu 2008, pamene boma la George W. Bush lidapatula madola 700 biliyoni opulumutsira mabanki. Malibertarian adati banki imene yatchova juga iloledwe kugwa, apo ayi phindu lizikhala la eni ake pamene zotayika zikusenzedwa ndi okhoma msonkho. Akatswiri ambiri adayankha kuti kugwa kwa mabanki akuluakulu nthawi imodzi kukadagwetsa ndi osalakwa omwe, monga zidachitikira m'ma 1930. Mkanganowo sudathe. Pa nkhondo, phungu wa ku Texas, Ron Paul, adali mmodzi mwa a Republican 6 okha m'nyumba ya aphungu amene mu 2002 adakana kuvomereza kuti dzikolo likathire nkhondo ku Iraq, ndipo adakananso lamulo la Patriot Act la 2001 limene lidawonjezera mphamvu za boma zofufuza nzika mwachinsinsi.

Donald Trump wawagawa pawiri. Mu Meyi 2024 adapita ku msonkhano waukulu wa chipani cha Libertarian ku Washington kukapempha mavoti, ndipo ambiri adamukuwiza. Atalowa m'boma adakwaniritsa lonjezo limene adawapatsa, lomasula Ross Ulbricht amene adagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse chifukwa choyendetsa msika wa mankhwala pa intaneti wotchedwa Silk Road. Koma mu Epulo 2025 atakweza misonkho ya katundu wochokera pafupifupi m'maiko onse, ena mwa oyamba kumutengera kukhothi adali maloya a libertarian oimira mabizinesi ang'onoang'ono 5, ndipo mu Meyi khothi la zamalonda lidagamula kuti pulezidentiyo adapyola mphamvu zake.

Mikangano ya m'nyumba

Anthu okana kulamulidwa savuta kukangana okhaokha. Nozick ankalola boma laling'ono. Murray Rothbard ankati ngakhale apolisi ndi makhothi zikhale za makampani opikisana. Rothbard adathandiza kukhazikitsa Cato koma adachotsedwako mu 1981, ndipo otsatira ake adasonkhana ku Mises Institute, imene idatsegulidwa mu 1982 ndipo ili ku Auburn m'chigawo cha Alabama. Ayn Rand, amene nthano yake ya 1957 yotchedwa Atlas Shrugged idakopera achinyamata ambiri ku maganizowa, ankalikana dzinali n'kumanyoza olinyamula.

Pa nkhani ya obwera, Bryan Caplan amati malire a maiko atseguke chifukwa munthu ali ndi ufulu wogulitsa ntchito yake kulikonse, pamene Hans-Hermann Hoppe amati dziko lili ngati mpanda wa eni ake, wolowamo alowe poitanidwa. Onse awiri amati akutsata mfundo imodzi. Pa kuchotsa mimba nayo nyumbayi ndi yogawikana, malinga ndi mmene aliyense amayankhira funso lakuti moyo wa munthu umayamba liti.

Zimene otsutsa amanena

Chitsutso cholemera koposa chikukhudza tanthauzo la ufulu. Munthu wanjala akavomera ganyu ya malipiro ochepa, palibe amene wamuloza mfuti, koma kunena kuti wasankha mwaufulu ndi kuseweretsa mawu. Muyeso wa malibertarian umaona msanga dzanja la boma, koma umachedwa kuona dzanja la umphawi. Palinso funso la chiyambi cha umwini. Ngati katundu ndi wopatulika pokhapokha atapezedwa mwachilungamo, nanga minda imene idalandidwa ndi mfuti kwa eni nthaka, kapena chuma chimene chidamangidwa ndi thukuta la akapolo? Nozick mwini adavomera kuti zolakwa zotere ziyenera kukonzedwa, koma sadafotokoze mokwanira kuti zikonzedwe bwanji, ndipo olemba ndemanga ambiri amalidumpha gawo limeneli.

Utsi wa fakitale, mliri ndi kusintha kwa nyengo ndi mavuto amene sagwera wogula ndi wogulitsa okha, ndipo apa mayankho a malibertarian amafooka. Otsutsa amakumbutsanso kuti ena mwa othandiza mabungwewa ndi ndalama ali ndi makampani a mafuta. Jerry Taylor, amene kwa zaka zambiri ankalankhulira Cato pochepetsa kuopsa kwa kusintha kwa nyengo, adasintha maganizo, adachokako, n'kuyamba kulimbikitsa msonkho wa pa mpweya woipa.

Mbiri nayo ili ndi zipsera. Mu 1975 Friedman adapita ku Chile n'kukumana ndi Augusto Pinochet, msilikali amene adalanda boma mu 1973 ndipo ulamuliro wake udapha ndi kusowetsa anthu oposa 3,000, pamene chuma chinkayendetsedwa ndi akatswiri osulidwa ku yunivesite ya Chicago. Friedman ankadziteteza kuti uphungu womwewo adaupereka ku China popanda womudzudzula, koma chithunzi cha mlaliki wa ufulu ali m'nyumba ya wolamula ndi mfuti sichidafufutike. Ku America komweko, ena ankatsutsa gawo la lamulo la 1964 loletsa tsankho m'mahotela ndi m'malo odyera, poti boma lisamuuze mwini bizinesi amene angamutumikire. Rand Paul, mwana wa Ron Paul, adadziika m'madzi otentha mu 2010 atakayikira gawo limenelo. Munthu wakuda amene adabwezedwa pakhomo la lesitilanti sangaone ufulu pamenepo.

Ndiye pali za zimbalangondo. Mu 2004 gulu la malibertarian lidayamba kusamukira ku Grafton, tauni ya anthu pafupifupi 1,000 m'chigawo cha New Hampshire, n'cholinga chodula bajeti ndi malamulo. Bajeti idadulidwadi, misewu idakumbika, ndipo poti aliyense ankasunga zinyalala mmene akufunira, wina n'kumadyetsa nyamazo pakhomo pake, zidazolowera anthu mpaka china chidavulaza mayi wina pakhonde la nyumba yake mu 2012. Mtolankhani Matthew Hongoltz-Hetling adalemba buku la nkhaniyi mu 2020. Imaseketsa, ndipo si zonse zimene zingaikidwe pa mutu pa obwerawo, koma funso lake ndi lenileni: chimbalangondo chodyetsedwa pakhomo lina chimakagogoda pakhomo la mnansi.

Mu Africa

Kuno mabungwe a maganizo otere ndi owerengeka, monga Free Market Foundation ya ku Johannesburg yokhazikitsidwa mu 1975, ndi IMANI ya ku Ghana ya 2004. Mlembi wodziwika koposa adali George Ayittey wa ku Ghana, amene adamwalira mu 2022. Iye ankakana zoti msika womasuka ndi chinthu cha Azungu. Ankati misika idalipo mu Africa atsamunda asadabwere, yambiri yoyendetsedwa ndi amayi, ndipo chachilendo ndi boma lolamula mitengo, limene atsamunda adabweretsa ndipo atsogoleri a ufulu adalilandira n'kulikulitsa.

Mbiri ya Malawi ili ndi zitsanzo zokomera mbali zonse ziwiri. Lamulo la Special Crops Act lidaletsa alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale kwa zaka zambiri, kumusungira eni maesiteti, pamene ADMARC inkagula mbewu za m'midzi pa mtengo wotsika. Chiletsocho chitayamba kuchotsedwa mu 1990, alimi a m'midzi adadzakhala olima bale wochuluka koposa. Imeneyo ndi nkhani imene wolemba wa libertarian angaikonde. Koma kuchotsa sabuside ya feteleza ndi kutseka misika ina ya ADMARC kudasiya madera akutali opanda wogula ndi wogulitsa wodalirika, ndipo makuponi a 2005 adabwera anthu atatopa kudikira kuti msika uwafike. Mkangano womwewo umabuka boma likaletsa kutumiza chimanga kunja, kapena mtengo wa dola kubanki ukasiyana kwambiri ndi wa kumsika wamseri. Apa pafunika kusasokoneza: World Bank ndi IMF si malibertarian. Malibertarian amawadzudzula mabungwewa kuti ndi maofesi a maboma obwereketsa ndalama za msonkho kwa maboma anzawo.

Wothirira ndemanga atalowa m'boma

Kwa zaka zonsezi malibertarian ankalankhula ali kunja kwa mpanda. Zinthu zidasintha pa 19 Novembala 2023, pamene Javier Milei, katswiri wa zachuma amene adatchuka pothirira ndemanga mokalipa pa kanema, adapambana chisankho cha pulezidenti wa Argentina ndi mavoti pafupifupi 56 peresenti. Milei amadzitcha wophunzira wa Rothbard, agalu ake ena adawatcha Milton ndi Murray, ndipo pa kampeni ankanyamula macheka a injini posonyeza mmene adzadulire ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito. Adalonjeza kutseka banki yaikulu ndi kusiya peso n'kutenga dola.

Adalandira dziko limene mitengo idakwera ndi 211 peresenti mu 2023. M'masiku oyamba adatsitsa mphamvu ya peso ndi theka, patangopita mwezi umodzi Malawi atatsitsa kwacha ndi 44 peresenti. Adachepetsa maunduna kuchoka pa 18 kufika pa 9, adaimitsa ntchito zambiri zomanga za boma, adachotsa ntchito anthu masauzande ambiri, ndipo adafafaniza lamulo loyendetsa lendi ya nyumba. Mu Disembala 2023 mokha mitengo idakwera ndi 25.5 peresenti, pofika kumapeto kwa 2024 inkakwera ndi zosakwana 3 peresenti pa mwezi, ndipo boma lidatseka chaka lili ndi ndalama zotsala kwa nthawi yoyamba m'zaka zoposa 10. Nyumba za lendi zidachuluka pa msika mu Buenos Aires. Ululu wake udagwera anthu wamba. Umphawi udafika pa 52.9 peresenti m'miyezi 6 yoyamba ya 2024, penshoni za okalamba zidatha mphamvu, ndipo mu Epulo chaka chomwecho khamu lalikulu lidaguba poteteza mayunivesite a boma. M'theka lachiwiri la chakacho umphawi udatsika kufika pa 38.1 peresenti. Mbali iliyonse ya mkanganowu imasankha miyezi imene ikuikomera.

Pofika kumapeto kwa 2025 banki yaikulu idali isadatsekedwe, ndipo peso idali ikugwirabe ntchito. Mu Febuluwale chaka chimenecho Milei adalengezetsa ndalama ya pa intaneti yotchedwa $LIBRA, imene idagwa m'maola ochepa anthu n'kutaya ndalama zawo, ndipo nkhaniyo idafika kwa ofufuza milandu. Mu Epulo adatenga ngongole ya madola 20 biliyoni ku IMF, ndipo mu Okutobala boma la America lidalowererapo kuchirikiza peso chisankho cha aphungu chitayandikira, chisankho chimene chipani chake chidapambana. Olemba a ku Cato ndi Reason kwakukulu akhala akumuyamikira. Hoppe, amene Milei ankawerenga mabuku ake, adamudzudzula poyera chifukwa chosiya banki yaikulu ili chiimire, ndipo Milei adamubwezera ndi mawu achipongwe, kuti pa zachuma sadziwa kanthu.